M'mene Madzi Anatsikira ku Chingale

Kumadzulo kwa phiri la Zomba, kumene dziko litsetsereka kunka ku mtsinje wa Shire, kuli dera lotchedwa Chingale. Anthu a kumeneko akatukula maso amaona phiri lalitali limene akasupe ake saphwa angakhale m'mwezi wa October. Koma kwa zaka zambiri madzi amenewo sanali kufika kumidzi m'chilimwe, popeza potsikira m'chigwa anali kumira mumchenga. Amai anali kulawira m'bandakucha ndi mitsuko yao, nafukula m'makhwawa, nadikira kuti timadzi tobvunduka tidzaze chikho. M'chaka cha 1968 midzi ya kumeneko inapangana, nikumba ngalande ndi makasu ake, niyalamo mapaipi kuchokera m'phiri kufikira pakati pa nyumba. Mwa eni midzi onse amene anakumba panalibe ndi mmodzi yemwe amene analandira malipiro.

Kuyendetsa madzi m'paipi si chinthu chozizwitsa, pakuti ndi mwana yemwe adziwa kuti madzi atsata kutsetsereka. Chofunika kuchisanthula m'nkhani ino ndi anthuwo. Dziko lao linali litadana ndi ntchito yopanda malipiro kwa zaka zoposa 60. Ena anathawa kwao chifukwa cha iyo, ena anamangidwa, ena anaphedwa. Nanga zinatheka bwanji kuti ana a anthu omwewo anyamule makasu mwa kufuna kwao, ndi kukumba mailosi ambiri osafunsa ndalama? Kuti ichi chimveke, nkhani iyenera kuyambira pa bwalo la mudzi, kumene ntchito zotere zimabadwira ndiponso kumene zimafera.

BWALO NDI DIMA

Azungu asanafike, mudzi uli wonse unali ndi bwalo lake, kawirikawiri patsinde pa mtengo wa kachere kapena wa mkuyu. Pamenepo nyakwawa inali kukhala pamodzi ndi nduna zake, ankhoswe ndi akuluakulu a mabanja. Milandu inali kuweruzidwa pomwepo, koma si milandu yokha ai. Pamenepo anali kupangana tsiku lolambula njira ya kudambo, lokonza ulalo mvula isanagwe, lokumba chitsime chatsopano chakale chikauma, ndi lotchinga minda nguluwe zikachuluka. Mwambo wa bwalo unali wakuti mfumu ilankhule pomaliza. Inali kuyamba yamva maganizo a anthu, wina akatha wina, ndipo potsiriza inali kumanga mau onse pamodzi. Chifukwa chake munthu pochoka pa bwalo anali kudziwa kuti m'chigamulocho mulinso liu lake. Pakati pa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, amene awerenga pfuko kutsata kwa amai, mau a amai akuluakulu a mbumba anali olemera ndithu, ngakhale kuti nthawi zambiri anali kunenedwa madzulo kunyumba, bwalo lisanakhale.

Ntchito yolemera inali ndi njira yake, ndiyo dima. Mwini munda anali kufulula mowa kapena kuphika thobwa, naitana anansi ake; ndipo tsiku limodzi makasu ambiri anali kutha ndime imene munthu mmodzi akadalimbana nayo mwezi wathunthu. Mawa lake makasu omwewo anali m'munda wa wina. Denga la nyumba kapena la nkhokwe linali kukwezedwa chimodzimodzi, kotero kuti mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga unali kunena chinthu chimene ana anali kuchiona ndi maso. Waulesi sanali kumangidwa. Chilango chake chinali kumpeza pa tsiku lake la tsoka, pamene anali kuitana anthu osabwera. Ndipo panalibe manyazi oposa a banja limene anansi anazengereza kudzakumba manda a mbale wao.

Liu lakuti thangata linabadwira m'makhalidwe amenewa. Kuthangata ndiko kuthandiza. Anthu anali kuthangata mfumu yao m'munda mwake masiku owerengeka, podziwa kuti nkhokwe ya mfumu ndiyo idyetsa alendo, amasiye ndi ogwa m'njala. Ntchitoyo inali ngati ngongole yobwezedwa, pakuti chimene munthu anapereka ndi manja ake chinali kumbwerera mwa njira ina.

M'MENE LIU LABWINO LINAIPIRA

M'chaka cha 1891 Angelezi analengeza kuti dziko la kumadzulo ndi kumwera kwa nyanja liri m'chitetezo chao. Harry Johnston, amene anali woyamba kulilamulira, anapatsa Azungu ena makalata otsimikiza kuti malo akulu a ku Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba ndi ao. Posakhalitsa Boma linaika msonkho wa nyumba. Anthu ambiri, makamaka Alomwe amene anali kuthawa ukali wa Apwitikizi ku Mozambique, anapeza pokhala pa minda ya Azunguyo, koma anauzidwa kuti alipe malowo ndi thukuta. Eni minda anatola liu lakale lija, natcha ntchito imeneyi thangata.

Dzina linali lomwelo, koma chinthu chinali china. Munthu anali kugwira mwezi umodzi wa malo ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inali kutalika monga anafunira kapitao, pakuti tsiku limene ndime sinathe silinali kulembedwa pa tikiti. Choipitsitsa chinali chakuti ntchito inali kufunidwa m'dzinja, pamene munda wa mwini wake unali kudikira kudzalidwa ndi kupaliridwa. Panalibe bwalo limene linafunsidwa, ndipo khofi, thonje, fodya ndi tiyi zimene zinamera pa thukutalo sizinalowe m'nkhokwe ya mudzi. Minda ya A. L. Bruce ku Magomero inatchuka ndi nkhanza zotere, ndipo kumeneko ndiko anthu a John Chilembwe anakantha usiku wa pa 23 January 1915. Boma linayesa kuchepetsa zoipazi ndi malamulo a 1917 ndi 1928, koma ntchito ya thangata sinathe kufikira chaka cha 1962. Anthu a kuseri kwa Zambezi ndi a ku Mozambique anamva kuwawa kofanana nako m'dzina la chibalo.

Ngakhale amene anakhala kunja kwa minda ya Azungu sanapulumuke. Anali kutengedwa kukalambula miseu ya Boma ndi kusenza akatundu. Ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amtengatenga ambirimbiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Lamulo la 1912 linaika mafumu pansi pa Mzungu wa Boma, ndi kuwapatsa udindo wothandiza kusonkhetsa msonkho ndi kupeza anthu a ntchito. Motero bwalo linasanduka malo ofikirapo mesenjala ndi mau ochokera ku Boma. Nyakwawa imene kale inali kulankhula pomaliza tsopano inali kulankhula poyamba, ndipo mau amene inalankhula sanali ake.

MAKHONSOLO NDI MALIMIDWE

Patapita zaka, olamulira a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, maiko amene tsopano atchedwa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, anazindikira kuti dziko silingayendetsedwe ndi mesenjala yekha. Ku Northern Rhodesia m'chaka cha 1929, ndi ku Nyasaland m'chaka cha 1933, anaika malamulo opatsa mafumu akulu mphamvu zina ndi mabwalo a milandu obvomerezedwa ndi Boma. Pambuyo pake anawapatsanso thumba la ndalama, lochokera ku gawo la msonkho ndi ku zindapusa. Ku Southern Rhodesia lamulo la makhonsolo a anthu akuda linadza m'chaka cha 1937. Ndi timatumba timeneti mafumu ena anamanga masukulu, misika, zitsime ndi timilatho.

M'zaka zomwezo kunatsegulidwa masukulu a Jeanes, othandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku America. Ina inali ku Domasi pafupi ndi Zomba; ina ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana m'chaka cha 1939; zina ku Domboshawa ndi ku Hope Fountain. Ku Domasi mphunzitsi anali kudza pamodzi ndi mkazi wake, naphunzira za zimbudzi, za kusamala zitsime, za ulimi ndi za kulera ana, kuti pobwerera akakhale chitsanzo m'midzi. Ndipo mafumu omwe anali kuitanidwa kudzaphunzira miyezi ingapo. Kuyambira 1949 dera la Domasi linasankhidwa kukhala poyesera chitukuko cha m'midzi, motsogozedwa ndi T. D. Thomson, ndipo m'chaka cha 1953 kunadza lamulo lokhazikitsa makhonsolo a maboma ang'ono.

Zonsezi zinali mbeu zabwino, koma zinafesedwa pa nyengo yoipa. Nthaka inali kukokoloka m'mapiri, ndipo njala yoopsa ya 1949 inachititsa mantha Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby. Malamulo a malimidwe anaumitsidwa: munthu ali yense alime mizere yopingasa mtunda, asiye matutu a makolo ake, akumbe migula, adzale pa nthawi yoikika. Wolephera anali kulipitsidwa pa bwalo la mfumu yake yomwe, kapena kuponyedwa m'ndende, ndipo nthawi zina mbeu zake zinali kuzulidwa. Ku chigwa cha Shire anthu anatcha mkanganowo nkhondo ya mitumbira. Ku Ntcheu, m'chaka cha 1953, pamene dziko linali kuwira ndi nkhani ya chitaganya, Inkosi Gomani Philip anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulowo. Boma linamchotsa pa mpando, ndipo anamwalira chaka chotsatira ali kutali ndi kwao. Ku Southern Rhodesia lamulo la ulimi la 1951, limene linalamula anthu kuchepetsa ng'ombe ndi kugawa minda mwatsopano, linautsa mkwiyo wotero womwe.

Malangizo ambiri a malimidwe sanali olakwika. Umboni wake ngwakuti kukakamiza kutatha, pambuyo pa chisankho cha 1961, alimi ochuluka anapitiriza kulima mizere. Chimene anthu anakana chinali ndodo. Pofika tsiku la ufulu, pa 6 July 1964, dziko linali ndi makhonsolo, alangizi ndi mabuku a malamulo, koma munthu akangomva kuti mudzi uitanidwa ku ntchito anali kumva fungo la thangata.

ZIMENE ZINACHITIKA KU CHINGALE

Boma latsopano linalibe ndalama zopezera midzi yonse madzi. Mu nthambi yake yoona za chitukuko cha m'midzi munali katswiri wina, L. H. Robertson, amene anaona kuti mapiri a Zomba ndi Mulanje ali ngati nkhokwe za madzi zoimikidwa pamwamba pa anthu aludzu. Madzi otengedwa m'mwamba, kumene kulibe midzi ndi ziweto, ndi oyera; safuna injini, mafuta kapena magetsi, pakuti atsika okha. Chodya ndalama kwambiri pa ntchito yotere, kupatula mapaipi, ndicho kukumba ngalande ndi kuzikwirira. Boma ndi abwenzi ake akagula mapaipi ndi simenti, eni midzi nakumba, ntchito ingatheke ndi ndalama zochepa.

Kunena kunali kwapafupi, koma kuti anthu abvomere inali nkhani ina. Munthu amene sanaonepo madzi alikuyenda mailosi m'paipi, kutsika m'chigwa ndi kukweranso chitunda, ali ndi chifukwa chokayikira. Ndipo amene atate wake anagwira thangata ali ndi zifukwa ziwiri. Chotero ntchito yoyamba inali yaing'ono, ya midzi yowerengeka, ndipo inayambira pa misonkhano. Mafumu ndi anthu ao anauzidwa poyera gawo la Boma ndi gawo lao, nasankha komiti mwa iwo okha. Madzi atatuluka pa mpope woyamba, kukayika kunatha. Pamenepo atsogoleri a madera ena anatengedwa kudzaona okha, kudzatsegula mpope ndi manja ao, ndi kufunsa eni ake m'mene ntchito inayendera. Iwo pobwerera kwao ndiwo anakopa anthu ao, pakuti mau a mlimi mnzako alowa msanga koposa mau a munthu wa m'ofesi. Ntchito yaikulu yotsatira inali ya Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo pambuyo pake panadza zina zokulirapo, ya kumadzulo kwa Mulanje ndi ya m'chigwa cha Phalombe.

M'ntchito zimenezi munakula dongosolo loyenera kukumbukiridwa. Pamwamba panali komiti yaikulu ya mafumu ndi anthu osankhidwa, yoyang'anira ntchito yonse. Paipi yaikulu inagawidwa m'zigawo, chigawo chiri chonse ndi komiti yake, ndipo nthambi zopatukira kumidzi zinali ndi makomiti aonso. Mudzi uli wonse unali ndi tsiku lake lokumba, kotero kuti munthu anali ndi masiku ena onse a munda wake. Wapampando anali kuitana maina, mlembi nalemba amene abwera ndi amene ajomba. Mlangizi wa Boma, amene kawirikawiri anali mnyamata wa kumudzi wophunzitsidwa pa ntchito pomwepo, anali kukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe kuti ngalande iongoke, nayesa kuya kwake ndi ndodo; pakuti paipi yokwiriridwa pamwamba iswedwa ndi khasu la mlimi, kapena ipsa ndi moto wa tchire. M'phiri anamanga kakhoma kopatutsa madzi, sefa yotchinga masamba, ndi thanki yodikhitsa matope. Kumunsi anamanga mathanki odzaza usiku, kuti madzi akwanire m'mawa pamene amai onse atunga nthawi imodzi.

Nkhani yobvuta koposa pa bwalo inali ya malo a mpope. Ali yense anafuna kuti ukhale pafupi ndi khomo lake, ndipo mfumu inali ndi khomo lakenso. Akuboma anasiyira mudzi kuti usankhe wokha, malinga akhale malo amene madzi angafikepo. Mudziwo unatuta mchenga ndi miyala yomangira pansi pa mpope, nukumba dzenje lomwera madzi otayika, nusankha kakomiti kosamala mpopewo, m'mene amai anali ndi malo ao. Mpope unali kuikidwa potsiriza, mudzi utatha gawo lake la ngalande.

Sikuyenera kubisidwa kuti masiku amenewo, kuyambira 1966, kunali chipani chimodzi chokha, ndipo atsogoleri ake anali kukhala m'makomiti. Munthu wokana ntchito sanali womasuka kulankhula zakukhosi. Wojomba anali kutengeredwa kwa nyakwawa, nalipa chindapusa kapena kupatsidwa ndime yoonjezera. Komabe nkhalamba zimene zinadziwa thangata zinaona kusiyana kwake. Woitana maina anali mnansi wao, ndipo nayenso anali ndi ndime yake yokumba. Ntchito inali ndi malekezero ooneka ndi maso, pakuti munthu anali kutha kuloza chikhomo chomaliza. Ndipo madziwo sanakwere sitima kunka ku London monga fodya ndi tiyi. Anatulukira pakati pa mudzi, mwana wa wokumbayo namwa.

Mbiri inabuka. Mabungwe monga UNICEF ndi Christian Service Committee anathandiza kugula mapaipi, ndipo kuyambira 1980 Boma la America linaikapo ndalama zambiri. Mipope yotere inafika ku Ntcheu ndi Balaka, ku Mchinji, ku Champhira m'boma la Mzimba, ku Rumphi ndi ku Karonga. Zaka za m'ma 1980 zisanathe, anthu oposa theka la miliyoni anali kumwa madzi a m'mapaipi amene anakwirira okha, ndipo akatswiri a maiko ena anali kudza kudzaphunzira m'mene midzi yosauka inachitira chinthu chotere.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsiku lotsegulira mpope kumakhala nthungululu, ng'oma ndi alendo. Tsiku lochotsa matope m'thanki kulibe mlendo. Apa mpamene mbiriyi ikhotera. Pangano loyamba linali lakuti madzi ngaulere, popeza anthu analipa kale ndi thukuta. Boma lidzapereka zitsulo ndi alangizi oyendera mipope, ndipo eni midzi adzakonza zoonongeka zazing'ono. Magulu a anthu odzipereka anaphunzitsidwa kulumikiza paipi yosweka ndi kusintha kamphira ka m'kati mwa mpope kakatha. Kwa zaka zambiri panganoli linasungika.

Koma dziko silinaime. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 1998 anapeza pafupifupi 10 miliyoni. Paipi imene inayesedwa kukwanira nyumba zochepa inayenera kumwetsa ana ndi zidzukulu zomwe. Mitengo ya m'mapiri inadulidwa chifukwa cha minda, nkhuni ndi makala, kotero kuti akasupe anachepa m'chilimwe, ndipo m'dzinja madzi anatsika ndi matope nakokolola makhoma a kumtunda. Thumba la Boma linaphwa, alangizi nachepa, zitsulo nizisowa. Amene anakumba anakalamba, ndipo ana ao anapeza mpope monga munthu apeza mtengo wa mango wodzala agogo ake, osadziwa thukuta limene linagwerapo.

Pamene zipani zambiri zinabwerera m'chaka cha 1994, anthu anakondwera kuti kukakamizidwa kwatha, ndipo anali ndi chifukwa chokondwera. Anali kukumbukira makadi a chipani ogulitsidwa mokakamiza pa misika, ndi Sabata ya Achinyamata ya chaka ndi chaka, imene munthu sanali kuijomba mwachisawawa. Koma potaya zoipa anatayira kumodzi ndi zabwino zina. Kunamveka m'midzi kuti ntchito yodzithandiza ndi thangata, ndipo liu lakale lija linabwera kudzaononga kachiwiri. Ntchito zina za chitukuko, monga za miseu za MASAF, thumba limene linayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, zinali kulipira ogwira; nanga munthu alambulirenji mzere wa paipi kwaulere, mnzake alikulandira ndalama pa mseu? M'malo ena mipope yamkuwa inabedwa ndipo mapaipi anafukulidwa. A kumtunda anaboola paipi kuti athirire madimba, a kumunsi natsala ndi mipope youma.

M'chaka cha 2000 Elizabeth Kleemeier anasindikiza zimene anapeza atasanthula ntchito 12 za mtundu umenewu. Zazing'ono ndi zatsopano zinali kuyenda bwino, koma pafupifupi theka zinali kuyenda moipa. Anaona kuti makomiti a m'midzi anali okhoza kukonza zoonongeka zazing'ono kuti madzi asaleke kutuluka, koma anali kulephera kusamala zinthu zisanaonongeke ndi kukonza zazikulu. Ichi si chodabwitsa. Mudzi umodzi udziwa waulesi wake, ndipo ungathe kumchititsa manyazi. Koma paipi yodutsa midzi yambirimbiri iribe bwalo limodzi, ndipo wa kumtunda samva ludzu la wa kumunsi.

Maboma a maiko atatuwa anayesa, ali yense pa nthawi yake, kuimika makomiti a midzi ndi lamulo. Zambia inatero m'chaka cha 1971, Zimbabwe m'chaka cha 1984. M'Malawi lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabwezera mphamvu zina ku makhonsolo, ndipo pansi pao panakhala makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera a mafumu. Makhansala anasankhidwa m'chaka cha 2000, koma nthawi yao itatha m'chaka cha 2005 dziko linakhala lopanda makhansala kufikira 2014. Pa mipope ikuluikulu panakhazikitsidwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, osonkhetsa ndalama pang'ono pa banja ndi kulemba anthu ochepa a ntchito. Pangano la madzi aulere linatha, ndipo pamodzi ndi ndalama panadza funso latsopano pa bwalo, lakuti thumba liri m'manja mwa yani.

CHIMENE MUDZI UNGATOLEPO

Mudzi wa ku Chipata, wa ku Mutoko kapena wa ku Dedza, umene ulingalira zomanga chipinda cha sukulu, mlatho kapena mjigo, ungatolepo kanthu pa mbiri imeneyi. Khasu ndi limodzi, lingakhale m'manja mwa wa thangata kapena mwa wa dima. Chosiyanitsa ndi amene anapangana ntchitoyo, ndi amene adzadya zipatso zake. Anthu a m'midzi anakana kulimira ena, anakananso kulima moopsezedwa. Koma atafunsidwa pa bwalo lao anakumba ngalande zimene Boma silikadatha kuzilipira.

Mbiriyi ionetsanso kuti mphamvu ya khonsolo ya mudzi iyesedwa pa zinthu zazing'ono zotopetsa, zimene palibe amene aziyimbira ng'oma. Kodi komiti ikumana ngakhale kulibe mlendo wochokera ku Boma? Kodi msungichuma awerenga poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, kuti ndi nkhalamba yosadziwa kulemba yomwe imve? Kodi sipanala iri kwa yani, ndipo iye akamwalira kapena akanka ku Joni, alipo wina wophunzitsidwa? Kodi amai, amene ayamba kudziwa mpope ukadontha, ali ndi mpando ndi liu? Kodi ana auzidwa maina a amene anakumba? Kumene mafunso amenewa ayankhidwa mosachita chibwibwi, ntchito ikhalitsa. Kumene wapampando akwiya nao, ntchito yayamba kale kufa, ngakhale utoto wake usanafufuke.

Ndiponso Boma lisayese kuti mau akuti kudzithandiza alimasula ku gawo lake. Ku Chingale denga linasenzedwa ndi mitu iwiri: mudzi unapereka manja, Boma linapereka mapaipi, nzeru ndi alangizi amene anali kubwera pa tsiku limene analonjeza. Mudzi ungagule kamphira ka mpope, koma sungagule paipi yaikulu yokokoledwa ndi napolo, ndipo sungaweruze mlandu wa midzi yonse yomwera paipi imodzi. Pamene mutu umodzi unatopa, denga linapendekera kwa winawo.

Akale anati madzi saiwala khwawa. Paipi ndi pangano lowapatutsa ku khwawa lao, ndipo pangano lotere liyenera kukumbutsidwa pa bwalo chaka ndi chaka, pamodzi ndi buku la maina ndi buku la ndalama. Likaiwalika, madzi adzabwerera mumchenga, ndipo amai adzawatsata komweko ndi mitsuko yao.